Ncheni ya Alendo a ku Chowe

LOLEMBA

Bismillah, ndayamba.

Loweruka kukubwera alendo ochokera ku Chowe, kudzakambirana za ukwati wa mwana wanga Asiyatu. Owatsogolera ndi Che Mbwana, amalume ake a mnyamata womufunsirayo. Mwezi watha nditapita kwawo anandiphera nkhuku, ndipo tili mkati mwa kudya anati: "Inu a kunyanja muli pabwino, nsomba mumangotola ngati mango." Pakamwa panga panayankha ine ndisanaganize: "Mukadzabwera mudzadya ncheni yogwira ine mwini."

Ine ndine telala. Pa Nkope pano ndakhala chikwatirire, ndipo nsomba zonse zimene ndinagwirapo ndinazigwira m'mbale.

Koma njira ndinaiona ndi maso anga. Tsiku lina nditasoka makushoni a boti la loji ina ku Nkopola, woyendetsa ananditenga kuti ndikaone ngati akukhala bwino pa mipando. M'botimo munali mlendo wa ku Blantyre, wamimba, wachipewa. Ukonde analibe, nyambo analibe. Anangoponya kachitsulo konyezimira kumbuyo, ndodo yake n'kuizika m'kapaipi ka m'mbali mwa boti, boti n'kumayenda pang'onopang'ono. Iye n'kumadya mtedza. Kachitsulo kaja kamagwedezeka m'madzi ngati usipa wodwala, ncheni n'kukameza. Munthu kugwira nsomba atakhala pansi, miyendo atapingasa! Ntchito yokhala pansi ndiyo ndimaidziwa ine.

Ndiponso kaunjika watilanda msika. Masiku ano pakhonde panga pamabwera zipi ndi zigamba basi. Izi zikatheka, mwina ndiyo ntchito yanga yatsopano. Zimenezi sindinauze munthu.

Zofunika:
- nsungwi ziwiri zazitali (zilipo, za pa mpanda wa bafa)
- mapaipi awiri afupiafupi ozikamo nsungwizo
- mbedza ndi mtovu
- chingwe: ulusi wa nayiloni wosokera matenti, ndili nawo wambiri
- chokulungira chingwe
- kachitsulo konyezimira
- boti

Chokulungira: gudumu lalikulu la pansi pa mashini anga osokera, lija lamba amazungulirapo. Ngalande lili nayo kale, ulusi ukugonamo bwinobwino. Ndalimasula, ndalimangira pa thabwa ndi bawuti. Chingwe chachiwiri ndakulunga pa botolo. Mashini ndi amodzi omwewa, koma gudumu ndibwezera Lachinayi. Diresi la Asiyatu loti adzavale Loweruka ndadula kale, kwatsala n'kulumikiza. Ntchito yochepa.

Kachitsulo: m'kabati muli masupuni amene amake Asiyatu amatulutsa pa Idi pokha. Ndatengapo awiri. Ndadula zogwirira, ndaboola uku ndi uku ndi msomali. Akuwala kuposa ka mlendo uja!

Boti: mlamu wanga Che Yusufu, achimwene awo a mkazi wanga, ali nalo la injini. Andimvetsera mpaka kumapeto akutokosa m'mano ndi kamtengo. "Alamu, nsomba idye supuni? Kodi imamwa tiyi?" Koma avomera. Mawa, anyamata awo akabwerako ku usipa. Petulo ndigule ndekha.

Bafa tsopano likuonekera mbali imodzi. Ndapachikapo thumba.

LACHIWIRI

M'mamawa ndayamba ndayesa supuni m'mphepete mwa nyanja. Buluku ndapinda, madzi m'mawondo, ndikuyenda ndikukoka. Supuni ikuzungulira ngati nguli. Ulusi wonse wapotana, mfundo zokhazokha.

Amayi otsuka mbale padoko asiya ntchito. Mmodzi akuuza mnzake, osatsitsa mawu: "A telala akusambitsa supuni."

Pakufunika kanthu kozungulira pakati pa ulusi ndi supuni. Ndakapeza! Kandowe ka pa lamba wa chikwama, kaja kamatembenuka pakhosi. Chikwamacho aphunzitsi ena anasiya chaka chatha kuti ndiike zipi, sanabwerenso. Akabwera tikambirana. Ndapindanso supuni pang'ono ndi pulayala. Tsopano sikuzungulira, ikugwedeza mchira. Mtima wanga ukugwedezeka nayo.

Kunyumba amake Asiyatu ayamba kutulutsa ziwiya za alendo. "Masupuni angawa akuoneka ochepa." Ine ndikufunafuna tepi yanga, ili m'khosi mwanga momwe.

Dzuwa litakwera tili m'boti, ine ndi Che Yusufu. Mapaipi ndamanga ndi malegeni, lina kumanja, lina kumanzere, opendekera kunja kuti zingwe zisakumane. Thabwa la gudumu pakati pa miyendo yanga. Mtedza m'thumba.

Ndadziwa lero kuti injini ya alamu anga imadziwa zinthu ziwiri: kuthamanga ndi kuzima.

Ikathamanga, masupuni akudumpha pamwamba pa madzi ngati achule. Ncheni yoti iwapeze ndi yokwera njinga yamoto. Ndikufuula: "Chepetsani, alamu!" Achepetsa. Injini ikutsokomola, yazima. Masupuni akumira, akukagona m'ndere. Ndikoka, ndichotsa ndere, ndiponya. Akoka chingwe cha injini, yalira, achule ayambanso.

Ulendo wina ndikuti titembenuke, tibwerere pomwe ndaona tinsomba tikudumpha. Alamu akhota mwachidule ngati ali pa njinga. Chingwe cha kumanzere chalowa pansi pa boti. Nsungwi yawerama! Ndafuula "Yadya!" ndisanaone kuti yadya ndi injini. Ulusi wonse wa pa botolo wakulungika pa pulopela.

Ulusi wosokera matenti ndi wolimba. Zimenezo ndiye ndatsimikiza. Che Yusufu atukula injini, akudula ndi mpeni pang'onopang'ono, osalankhula. Dzuwa lili paliwombo. Ine ndikuwapatsa mtedza, sakulandira. Supuni imodzi yaduka, yapita. Injini yakana kulira, tabwerera ndi nkhafi.

Padoko andigwira paphewa bwinobwino. "Alamu, ine ndimakulemekezani. Mlongo wanga mumamusunga bwino. Boti langa musadzalikwerenso."

Zomwe ndaphunzira:
- pokhota, khota motambasuka
- liwiro likhale la munthu wopita kumaliro a kutali
- mtedza umakoma nsomba ikakhalapo

Ndatenganso supuni ina m'kabati. Yobwereka.

LACHITATU

Injini ndi ya chiyani? Liwiro lomwe ndikufuna ndi la nkhafi.

Aneba anga a Zuze ali ndi bwato kuseri kwa nyumba. Makolo awo anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, iwo ndi alimi a tomato, ndipo bwatolo anapatsidwa ndi munthu amene anasamuka. Chilandirireni silinalawe madzi. Nkhuku yawo ikuikiramo mazira.

A Zuze asangalala kuposa ine. "Achimwene, ine ndimadziwa kale kuti mutu wanu suli wa zipi zokha." Mawu otere sindinawamvepo chaka chino.

Nkhuku tasamutsira m'dengu, yatijompha tonse awiri. Mng'alu wa pansi pa bwato ndamata ndi chigamba cha tenti ndi phula. Chigambacho ndiye chakhala bwino, m'mbali mowongoka, palibe angadandaule.

Tili pamadzi. A Zuze kumbuyo ndi nkhafi, ine pakati ndi gudumu, nsungwi ziwiri zatambasuka ngati ndevu za mlamba. Nyanja yagona. Masupuni akuyenda pansi pa madzi, akuthwanima. Ndikumva ngati munthu wa ku Blantyre.

Vuto ndi limodzi: dzanja lamanja la a Zuze ndi la khasu, lamanzere ndi la ulemu. Bwato likukhotera mbali imodzi. Mtengo wa mlambe wa padoko ndauona kumanja, kenako kumbuyo, kenako kumanzere, kenako wabweranso kumanja. Zingwe ziwiri zalukana ngati tsitsi la mkwatibwi.

"Sinthani dzanja, a Zuze!"

Asintha. Tikuzungulira mbali inayo.

Ndamasula zingwe, ndachotsa nsungwi imodzi. Tsopano ndikuwerengera ngati aphunzitsi a masewera: kumanja, kumanzere, kumanja, kumanzere. Tayamba kuwongoka. Tafika patali ndithu, pomwe madzi ayamba kuda.

Mwadzidzidzi nsungwi yawerama mpaka kupsompsona madzi. Bwato laima! A Zuze ayamba kupemphera m'Chipwitikizi. Ndikupukusa gudumu, chinthu cholemera chikubwera, chikukana, chikubwera. Chatulukira: ukonde. Matchera a munthu, aja amatchera n'kuwasiya m'madzi. Botolo loyandama losonyeza malowo tinaliona, a Zuze anati ndi zinyalala.

Muukondemo muli chambo chonona, chamoyo. Ndachiyang'ana, chandiyang'ana. Loweruka lili pafupi. Ndachisiya momwemo. Mulungu waona, a Zuze aonanso, ndipo a Zuze sakugwirizana nazo.

Pochotsa mbedza ndang'amba ukonde, bowo loti mbuzi n'kudutsa. Mwini wake watipeza tikadali pomwepo: Che Ali a kuseri kwa mzikiti, ali m'bwato lawo loyenda mowongoka. Ayang'ana bowo, ayang'ana gudumu, ayang'ana supuni. "A telala, mwabwera kudzandiyeza ukonde?"

Tagwirizana: bowolo ndilisoka, ndipo mayunifolomu a ana awo ndikonza ulere mpaka sukulu itatseka. Madzulo onse ndakhala pamchenga ndikusoka matchera. Che Ali akuti mfundo zanga n'zokongola. Pa sabata yonseyi ichi ndicho choyamba kuyamikiridwa ndi msodzi.

Asiyatu wandibweretsera tiyi komweko. "Ababa, diresi lija?" Ndamuuza kuti mawa. Wayang'ana gudumu lili pamchenga, watembenuka n'kumapita. Anatengera amake.

LACHINAYI

Lero ndi tsiku lobwezera gudumu. Ndibwezera masana. M'mawa umodzi wokha, basi.

Padoko asodzi akukokera maboti kumtunda. Wina akuti: "Mwera ukubwera, a telala." Ndayang'ana kumwamba, kulibe mtambo. Ndawathokoza. Ife sitipita kutali.

Zasintha lero:
- nsungwi imodzi yokha
- mtovu ndauika patsogolo pa supuni, kutalika kwa mkono, kuti imire bwino
- chingwe ndachitalikitsa, nsomba isamve phokoso la a Zuze
- mabotolo oyandama tikuwalambalala ngati manda

Kamphepo kayamba, kochokera kummwera. Kakutikankha kumbuyo. A Zuze sakupalasanso, angoviika nkhafi m'madzi kuti tisakhote, ndipo bwato likuyenda lokha, mowongoka, mwaulemu. Liwiro lija ndilo limeneli! Nsonga ya nsungwi ikugwedezeka pang'onopang'ono, kusonyeza kuti supuni ikuvina pansipo. Ndatulutsa mtedza.

Kenako gudumu lalira.

Sindinalimvepo likulira chonchi, ngakhale pa nthawi yosoka za Idi. Ulusi ukuthawa, ukutentha chala. Uwu si ukonde, ukonde suthamanga. Ndagwira gudumu ndi chikhatho, ndikupukusa, chikukoka, ndikuchisiyira pang'ono, ndikupukusanso. Manja akudziwa okha, ngati polondolera nsalu yoterera pansi pa singano.

Ndaiona! Yaitali, yoyera ngati malata atsopano, kukamwa kosongoka, mano panja. Ncheni yeniyeni, supuni ya amake Asiyatu ili pamlomo. Yatembenuka pafupi ndi bwato, diso lake landiona.

Ndalemba izi kuti zidziwike: njirayi imagwira. Ine telala wa pa Nkope ndakola ncheni ndi supuni.

Zotsatira zachitika mofulumira. Ndaweramira kumanja kuti ndiigwire. A Zuze nawonso aweramira kumanja kuti aione. Funde loyamba la mwera lafika kumanzere. Bwato lapendeka, madzi alowa, thabwa laterera pa mawondo anga. Ndinalimanga ndi legeni limodzi lokha, ena aja anathera ku mapaipi. Chubwi!

Gudumu la chitsulo silikambirana ndi madzi. Lapita ndi thabwa, ndi ulusi, ndi nsungwi, ndi supuni, ndi ncheni.

Kenako a Zuze: "Achimwene, kapani madzi." Ndakapa ndi chipewa. Mwera wakula, kubwerera sikutheka, tangolola kuti utitengere kumpoto. Mimba yanga yabweza mtedza wonse. Chigamba changa cha pansi pa bwato chagwira mpaka kumtunda, Alhamdulillah. Tatsikira pa mudzi wina kutsogolo, bwato tasungitsa, tabwerera wapansi, zovala zikuumira m'thupi.

Kunyumba ndapeza amake Asiyatu atakhala pa mpando wanga wa pakhonde, patsogolo pa mashini opanda gudumu. Pa tebulo ayala zogwirira za masupuni, zija ndinabisa m'kadirowa ka mabatani. Pambali pake zidutswa za diresi, zopindidwa bwino.

Ndawauza zonse, kuyambira ku Nkopola. Ndawauzanso za kaunjika, kuti ndimafuna njira ina. Amvetsera. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Masupuni aja anandipatsa ndi malemu amayi," atero. Kenako: "Mwanyowa. Kasintheni."

Asiyatu ali m'chipinda, watseka chitseko.

LACHISANU

M'mawa ndapita kwa Che Yusufu kukafunsa ngati pali munthu angamire n'kulivuula. Andifunsa malo. Ndaloza. "Pamenepo, alamu, gudumu lanu lili ndi akampango. Muliiwale." Ku tauni ya Mangochi mwina lingapezeke, koma kupita, kusaka ndi kubwerera, tsiku latha, diresi osasoka.

Ku mzikiti, pa swala ya Lachisanu, nkhani yandifikira kale. Povala nsapato panja aliyense ali ndi mawu:

"Mukanayamba mwatifunsa."

"Supuni ya tiyi njochepa, ncheni imafuna ya mpunga."

"Akuti nsomba ikutsegula shopu yosoka pansi pa nyanja."

Mkulu wina wokalamba, amene anasiya usodzi maso atafooka, wandikokera pambali. "Inadyadi?" Ndati inadya. Wagwedeza mutu nthawi yaitali. "Supuni," watero, n'kumapita akulankhula yekha.

Kwatsala njira imodzi, ndipo ndi yowawa. Mariamu. Ndinamuphunzitsa kusoka ali mtsikana, pakhonde panga pomwe, kuyambira kulowetsa ulusi pa singano. Lero ali ndi shopu yake kumsewu, ya galasi, ndi mashini amagetsi. Makasitomala anga ambiri ali kumeneko. Chitsegulire shopuyo sindinapondemo. Ndimadutsa tsidya lina la msewu.

Ndalowa ndi zidutswa za diresi m'kapepala. Ndinakonza mawu ambiri m'njira, sanafunike. Waimirira msanga, wapukuta mpando ndi chitenje. "Aphunzitsi, khalani. Ndamva. Mashini ndi awa."

Za nsomba sanafunse. Ndinamuphunzitsa bwino mwana ameneyu.

Mashini amagetsi! Ndangoponda ndi phazi, nsalu yathawa, msoko wapita kokhota mpaka m'khwapa. Ndasosola. Ndapondanso, yathawanso. Mariamu akuyang'ana panja ngati pali chodutsa. Kenako, motsitsa: "Chala chachikulu chokha, aphunzitsi. Osati phazi lonse." Mawu anga omwe, ndinkamuuza pa nkhani ina.

Pang'ono ndi pang'ono tamvana, ine ndi mashiniwo. Manja a diresi, khosi, mapindiro a m'munsi. Nsalu yobiriwira, yoterera, ya maluwa ang'onoang'ono. Maluwawo ndawakumanitsa pa msoko uliwonse kuti asaduke. Mutu wanga wakhala phee koyamba sabata ino. Sindinaganize za ncheni mpaka pomangirira mabatani.

Asiyatu wabwera kudzayesa dzuwa lisanalowe. Watuluka kuseri kwa katani, waima pa galasi. Diresi lamukhala ngati anabadwa nalo. Watembenuka uku ndi uku, nkhope ikufuna kukwiyabe koma ikulephera.

Pobwerera kunyumba wandifunsa: "Ababa, inali yaikulu bwanji?" Ndatambasula manja, moona mtima, osawonjezera. "Ine ndakukhulupirirani," watero. "Koma mawa musatambasule kuposa pamenepo."

Za ndiwo za mawa amake akambirana kale ndi achimwene awo. Ine sanandifunse maganizo.

LOWERUKA

Alendo afika m'mawa pa kalole kakang'ono: Che Mbwana, azakhali ake a mnyamatayo, amayi ena awiri, ndi mnyamata mwini wake amene akungoyang'ana nsapato zake. Abweretsa nandolo, mbatata ndi nthochi. Kumbali yathu kuli Che Yusufu, monga amalume a mwana, ndiwo olankhula. A Zuze sanaitanidwe, koma abwereketsa mipando, ndiye akhala pa umodzi.

Nkhani yayenda bwino. Mafunso, mayankho, kuseka pang'ono. Ine ntchito yanga ndi kukhala chete n'kumaoneka ngati bambo wanzeru. Asiyatu walowa kudzapereka moni, azakhali aja asiya kulankhula, maso pa diresi.

Chakudya: mpunga, masamba, ndi ncheni zazikulu zokazinga bwino. Zachokera kwa mnzawo wa Che Yusufu. Aliyense wa pa Nkope amene ali pamphasapa akudziwa zimenezi.

Che Mbwana asamba m'manja, anyema nsomba, atafuna, atseka maso. "Eee! Ndiye iyi ndi ija munalonjeza, yogwira inu mwini?"

Che Yusufu akuyang'ana mpunga. Amake Asiyatu aima pakhomo ndi jagi la madzi, sakundithandiza, sakundiletsa. Ndikanangoti "idyani, idyani" zikanatha. Koma anthu awa akhala abale athu mpaka imfa, ndipo pa Nkope palibe chinsinsi chimagona.

"Ayi, Che Mbwana. Iyi agwira ena. Yanga ili m'nyanja, yatenga gudumu la mashini anga."

Ndafotokoza. Supuni, pulopela, matchera, mwera. A Zuze akuthirira ndemanga, ndipo m'kamwa mwawo ncheni ija yakula mpaka kufanana ndi bwato. Che Yusufu, amene Lachiwiri m'boti muja sanalankhule, lero akuonetsa ndi manja mmene achule amadumphira. Amayi a ku Chowe akupukuta misozi ndi mipango. Mnyamata uja waseka mpaka watsamwa, koyamba kumuona mano.

Che Mbwana atapuma anena: "Bambo, musavutike. Nkhuku ija munadya kwathu inali ya aneba. Zanga zinatha ndi chitopa. Ndinakuuzani kuti ndi ya m'khola mwanga chifukwa ndimaopa kuti a kunyanja atiyesa amphawi."

Tagwirana chanza kachiwiri, mafuta a nsomba ali m'manja.

Ukwati wavomerezedwa. Udzachitika akakolola.

Pa tiyi supuni zosadulidwa zatsala zochepa, ndiye imodzi ikuyenda kuchoka kapu iyi kupita iyo. Palibe wafunsa chifukwa.

Asananyamuke, azakhali aja aitana Asiyatu, atembenuza mapindiro a diresi, ayang'ana msoko mkati, akoka batani. "Wasoka ndani?" Aloza ine. "Ndiye zovala za amayi a kwathu za pa ukwati musoke ndinu. Nsalu titumiza."

Ndatsegula pakamwa kuti ndinene za mashini. Amake Asiyatu andiyankhira ali pakhomo pomwepo: "Asoka."

LAMULUNGU

Mwera waleka. Nyanja yagona ngati nsalu yosita. Tsiku lenileni lokokera supuni. Ndaiyang'ana ndili pakhonde, ndatembenuza mpando.

Zotsala:
- mapaipi awiri (amake Asiyatu akuti adzalamo maluwa)
- nsungwi imodzi, yabwerera ku bafa. Pa inayo ndaika bango
- mbedza zingapo, ndapatsa Che Ali
- chikwama cha aphunzitsi chopanda kandowe
- mashini oima ngati ng'ombe yothyoka mwendo

Mawa ndikwera minibasi ya m'mawa kupita ku tauni kukasaka gudumu kwa okonza mashini. Amake Asiyatu akuti apita nawo. Akuti akufuna kukaona masupuni m'sitolo, ndipo ine ndikakhale pafupi posankha. Kabati tsopano ili ndi loko.

A Zuze abwera atabisa chinthu m'malaya. Chipande cha chitsulo, chachikulu, chomwe akazi awo amaomolera nyemba. "Achimwene, taganizani. Ngati ya tiyi inakola ija, nanga ichi?" Ndachigwira. N'chopindika bwino, chikuwala, kungoboola apa ndi apa. Mtima wagunda kamodzi. Ndawabwezera. Ndawauza kuti akachibwezere pomwe achitenga nyemba zisanapse, ndipo bwato lawo tikalitenge Lachiwiri, nkhuku ikuvutika m'dengu.

Ncheni ija ndimaiganizabe. Inadya. Zimenezo palibe angandilande. Koma msodzi sindine, ndipo nyanja yandiuza mwaulemu, osandimiza.

Masana ndakhala pakhonde ndi singano ya m'manja, ndikuyamba mayunifolomu a ana a Che Ali. Pafika mayi wina wachilendo, wochokera mudzi uja tinatsikira Lachinayi, buluku la mwamuna wake lili m'manja, zipi yothyoka. Waima pa msewu, wayang'ana nyumba yathu, wayang'ana ya a Zuze.

"Odi! Kodi pa Che Supuni ndi pano?"

Ndayang'ana amake Asiyatu. Akupeta mpunga, mapewa akugwedezeka, nkhope abisa m'lichero.

"Ndi pano, mayi," ndatero. "Khalani pa benchipo."